"Ndi ya tcheni, siivuta": mawu amene akudya ndalama za alimi

Alimi anzathu a m'dera la Mfumu Mbenje, kuyambira ku Sorgin mpaka ku Bangula, ndi nonse a m'maboma a Nsanje ndi Chikwawa, pali nkhani imene tiyenera kukambirana ndalama za thonje ndi chitowe zisanatuluke m'thumba la gulu. Nkhaniyi ndi ya galimoto. Makalabu ndi makoparetivu amene asonkha kangachepe kwa zaka zingapo amayamba kufunsa mitengo ya galimoto zazing'ono zazitali, zija za RAV4, X-Trail, CR-V, Escudo ndi Pajero iO, zimene zimabwera kuchokera ku Japan zitagwira kale ntchito. Ife sitikutsutsa zoti gulu likhale ndi galimoto. Kukafuna msika ku Limbe, kukatenga mbewu ndi mankhwala opopera thonje, kuyendera makalabu amene ali kutali ndi msewu wa tala, kuthamangira kuchipatala membala akadwala usiku, zonsezi sizitheka pa kabaza nthawi zonse.

Chimene tikutsutsa ndi mawu amene ogulitsa galimoto ena ndi madobadoba awo amanena akangoona mlimi: "Bwana, imeneyi ndi ya tcheni, siivuta." Mawuwa amamveka ngati ulangizi, chonsecho ndi nyambo. Amachititsa komiti kuwonjezera ndalama pa galimoto imene sinayesedwe, ndiponso amagonetsa tulo eni ake mpaka kuiwala chinthu chokhacho chimene chimasunga tchenicho, chomwe ndi oyilo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndalama zimene zimapita pamenepa ndi za mayi amene anapopera thonje padzuwa la Febuluwale, choncho tili ndi ufulu wofunsa.

Lamba ndi tcheni zimagwira ntchito yanji?

Sipafunika sukulu ya umakaniko kuti munthu amvetse izi. M'munsi mwa injini muli mapistoni amene amakwera ndi kutsika, nkumazungulitsa chitsulo chachikulu chotchedwa crankshaft. Pamwamba pa injini pali mavalavu, tizitseko timene timatsegukira mpweya ndi mafuta kuti zilowe, ndi utsi kuti utuluke. Mavalavuwa amatsegulidwa ndi chitsulo china chotchedwa camshaft. Zitsulo ziwirizi ziyenera kuyendera limodzi ngati ng'oma ndi ovina: cham'munsi chikazungulira kawiri, chapamwamba chizungulire kamodzi. Chimene chimazilumikiza ndi lamba wa mphira wokhala ndi mano, amene amakaniko amati timing belt, kapena tcheni chachitsulo chofanana ndi cha njinga, chimene amati timing chain.

Injini ikamazungulira maulendo 3,000 pa mphindi imodzi, valavu iliyonse imatseguka maulendo 25 pa sekondi. Ndiye taganizirani chimene chimachitika lamba akaduka kapena tcheni chikadumpha mano. M'mainjini ambiri pistoni imakumana ndi valavu yotseguka nkuipinda, ndipo galimoto imathera pomwepo. Zikatero ndi nkhani yophwasula mutu wa injini, mwinanso kugula injini ina.

Tisasokoneze lamba ameneyu ndi lamba wakunja uja amene timamuona tikatsegula boneti, woyendetsa alternator. Wakunjayo ngotchipa ndipo kumusintha nkosavuta. Timing belt amabisala kuseri kwa chivundikiro, kawirikawiri chapulasitiki, kumbali kapena kutsogolo kwa injini. Wogulitsa akaloza lamba wakunja wonyezimira nkumati "onani, lamba ndi watsopano," dziwani kuti sanayankhe funso lanu.

Dzina la galimoto silokwanira, funsani dzina la injini

Bodza loyamba limagona pa mayina. Munthu amati "RAV4 ndi ya tcheni" ngati kuti RAV4 ndi imodzi. RAV4 yoyamba, yopangidwa kuyambira 1994 mpaka 2000, ili ndi injini ya 3S-FE ya lamba. Imene inabwera mu 2000, ya injini ya 1AZ, ndiyo ya tcheni. Honda CR-V ya 1995 mpaka 2001 ili ndi injini ya B20B ya lamba, pamene imene inayamba mu 2001, ya injini ya K20A, ndi ya tcheni. Nissan X-Trail ya petulo, kaya ya injini ya QR20DE kaya ya MR20DE imene inabwera mu 2007, ndi ya tcheni. Suzuki Escudo ya injini ya G16A ndi ya lamba, ya J20A ndi ya tcheni. Pajero iO, imene inapangidwa ku Japan kuyambira 1998 mpaka 2007, ndi ya lamba. Subaru Forester ya injini ya EJ ndi ya lamba, ya FB ndi ya tcheni. Toyota Rush ya injini ya 3SZ-VE ndi ya tcheni.

Ngakhale pakati pa za lamba pali kusiyana. Injini ya 3S-FE imadziwika kuti lamba akaduka imangozima, mavalavu osapindika, ndipo mukaika lamba wina imayenda. Ya B20B ndi za Pajero iO zilibe chifundo chotere. Dzina la injini limalembedwa pa kachitsulo komata pansi pa boneti kapena pa mphuthu ya chitseko, komanso pa chikalata chimene boma la Japan limapereka galimoto ikamatuluka m'dzikolo. Komiti imene yapita kukagula galimoto osalemba dzina limeneli pa pepala yapita kukagula mbuzi ili m'thumba. Safunsa anadya phula.

Tcheni chimapuma oyilo

Ena anena kuti, "Nanga si zoona kuti tcheni chimakhalitsa kuposa lamba?" Inde ndi zoona. Tcheni anachipanga kuti chikhale zaka zonse za injini, ndipo chilibe tsiku loikika losinthira. Koma lonjezo limeneli lili ndi mchira umene wogulitsa amaudula: chimakhalitsa ngati oyilo ndi woyenera, ndi wokwanira, ndipo akusinthidwa pa nthawi yake.

Tcheni chimayenda m'kati mwa injini chikusamba oyilo. Kachipangizo kochikunga kuti chisalende, kotchedwa tensioner, kamakankhidwa ndi mphamvu ya oyilo yemweyo. Oyilo akakalamba amasanduka phala lakuda, amatseka tinjira take, ndipo fumbi lili m'katimo limapala mfundo za tcheni ngati mchenga. Pang'onopang'ono tcheni chimatalika, timapulasitiki tochiwongolera timaperepeseka, injini imayamba kulira ngati chisekese mukailiza m'mawa, mphamvu imachepa, nyali ya injini imayaka pa dashibodi. Tsiku lina chimadumpha mano. Ndipo poti chili m'kati mwa injini, kuseri kwa chivundikiro chachitsulo, kuchisintha ndi ntchito yaikulu ndi yodula kuposa kusintha lamba.

Tsono tidzifunse: X-Trail yoyamba ija inasiya kupangidwa ku Japan mu 2007. Ngakhale yomaliza kutuluka m'fakitale yapitirira zaka 15. Yadutsa m'manja angati kuchokera pamene inatsika sitima ku Dar es Salaam nkulowera pa chipata cha Songwe? Ndani anaona oyilo amene ankathiramo? Mawu akuti "ndi ya tcheni" amatiuza mmene injini inabadwira. Mmene inaleredwera satiuza, ndipo ife tikugula kaleredweko.

Lamba ali ndi tsiku lake, ndipo tsikulo limadziwika

Bodza lachiwiri ndi lakuti galimoto ya lamba ndi yachabe. Nanga Hilux ya dizilo ya injini ya 2KD, imene alimi timaikhulupirira m'matope a kumadimba, imayendera chiyani? Imayendera lamba, amene amasinthidwa pa makilomita 150,000, ndipo pa dashibodi pali nyali yolembedwa T-BELT yokumbutsa. Galimoto zambiri za petulo zochokera ku Japan lamba wake amasinthidwa pa makilomita 100,000. Ubwino wa lamba kwa gulu la alimi ndi umenewu: ndi ngongole imene tsiku lake lobweza limadziwika, choncho itha kulowa mu bajeti ngati mmene timawerengera feteleza.

Kuipa kwake nkwakuti sachenjeza. Mphira amakalamba ngakhale galimoto ikungokhala, ndipo kutentha, oyilo wodontha ndi matope zimamufulumizitsa. Choncho zaka nazo ziwerengedwe, makilomita okha ayi. Amakaniko a ku Japan akasintha lamba amamata kapepala pa injini kapena pansi pa boneti kosonyeza makilomita ndi chaka. Chakacho nthawi zambiri chimalembedwa m'kawerengedwe kawo: pakakhala chilembo H, wonjezerani 1988, kotero H22 ndi 2010, pakakhala R, wonjezerani 2018. Kapepalako kakasowa, kapena chaka chikakhala chakale, lamba asinthidwe galimoto isanayambe ntchito, ndipo ndalama zake zichotsedwe pa mtengo wogulira. Dziwaninso kuti nyali ya T-BELT itha kuzimitsidwa lamba osasinthidwa, ndiye kuzima kwa nyali si umboni.

Posintha lamba, pasinthidwenso tensioner, timawilo tomwe lamba amadutsapo, pampu ya madzi ngati imayendetsedwa ndi lambayo, ndi masilo amene akudontha. Kusiya kawilo kakale pofuna kupulumutsa ndalama ndi kumanga khola latsopano nkusiya khomo lotsegula. Kawiloko kakagwira, lamba watsopano amaduka chimodzimodzi.

Chigwa chathu si Japan

Galimotozi zinayenda m'misewu yosalala ya dziko lozizira. Kuno zikukumana ndi adani amene wogulitsa wa m'tauni sawatchula.

Woyamba ndi kutentha. Mu Okutobala ndi Novembala ku Ngabu ndi ku Bangula kutentha kumadutsa madigiri 40. Onjezani chikweza cha Thabwa, pamene galimoto imachoka m'chigwa chimene chili pafupifupi mamita 100 okha pamwamba pa nyanja yamchere nkukwera mpaka ku Blantyre, pafupifupi mamita 1,000. Mutu wa injini zimenezi ndi wa aluminiyamu. Ikangowira kamodzi kwambiri, mutu umapindika, gasiketi imapsa, madzi amasakanikirana ndi oyilo. Muvi wa kutentha ukakwera, dalaivala aime. Kuchotsa thermostat, monga amachitira amakaniko ena, kumangobisa matenda a rediyeta yotsekeka kapena fani yakufa.

Wachiwiri ndi madzi athu. Tonse tikudziwa kuti mijigo yambiri m'chigwa muno imatulutsa madzi amchere. Madzi amene amakanika kukoma m'tiyi ndi kupanga thovu la sopo, m'rediyeta amadya zitsulo, amatseka tinjira ndi kupha pampu ya madzi. M'rediyeta muyenera kulowa madzi a mankhwala aja obiriwira kapena ofiira, otchedwa coolant.

Wachitatu ndi fumbi la m'misewu yopita kumakalabu. Fyuluta ya mpweya ikang'ambika kapena ikakhala yosakwana bwino, fumbi limalowa m'injini, limatsikira mu oyilo, nkukafika pa tcheni chija.

Wachinayi ndi madzi osefukira. Tinawaona mu Januwale 2015, mu Malichi 2019 nthawi ya Idai, mu Januwale 2022 pamene namondwe Ana anadula msewu wa M1 m'boma la Chikwawa, ndi mu Malichi 2023 nthawi ya Freddy. Madzi sapanikizika ngati mpweya. Injini ikameza madzi nkuilizanso, zitsulo zogwira mapistoni zimapindika. Galimoto imene yazimira m'madzi isalizidwe mpaka makaniko atayang'ana fyuluta ya mpweya, atachotsa mapulagi ndi kusintha oyilo. Pogulanso, kwezani kapeti ndi kuyang'ana pansi pa mipando ngati pali matope ouma kapena dzimbiri.

Wachisanu ndi katundu. Galimoto zazing'onozi zinapangidwira anthu asanu ndi zikwama zawo, pafupifupi theka la tani zonse pamodzi. Anthu asanu akakwera, malo otsala ndi a matumba awiri kapena atatu a makilogalamu 50. Gulu limene cholinga chake nkututa mapira, nandolo ndi thonje likambirane mosabisa ngati likufunikadi galimoto yotere kapena pikapu, kapenanso kuchita hayala lole pa nyengo yokolola. Galimoto yogulira kuti apampando azioneka bwino pa maliro ndi pa misonkhano ya kuboma si chida cha ulimi.

Pa zonsezi, oyilo ndi fyuluta yake zisinthidwe pa makilomita 5,000 aliwonse kapena pa miyezi isanu ndi umodzi, malinga ndi chimene chayamba kukwana. Ulendo umodzi wa ku Blantyre ndi kubwerako kuchokera ku Bangula umadutsa makilomita 200, kutanthauza kuti maulendo 25 asanakwane, nthawi yosintha oyilo yafika kale.

Mawu kwa atsogoleri a magulu

Apa tisalozane zala ndi ogulitsa okha. Wakutsina khutu ndi mnansi. Pali makomiti amene amathera ndalama zonse pa tsiku logula, nkubwera ndi galimoto pakati pa nthungululu, m'thumba mulibe ngakhale ya malita anayi a oyilo. Kenako galimoto imakhala ya aliyense pokwera, koma yopanda mwini pokonza. Wobwereka amathira petulo wongokwanira ulendo wake. Oyilo akatsika, amawonjezera wa m'mabotolo wogulitsidwa m'mbali mwa msewu, amene palibe angalumbire kuti ndi wamtundu wanji kapena sanachoke m'injini ina. Injini ikanoka, mlandu amaupereka kwa dalaivala kapena kwa afiti, mamembala nkuuzidwa kuti asonkhenso.

Ena amati oyilo wabwino ndi wodula. Sitikukana. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo. Koma kukwera komweko kunakhudzanso injini ya kaunjika, imene nayo imachokera kunja. Pamene zinthu zadula ndi pamene kusamala kumapindulitsa kwambiri. Walira mvula walira matope: gulu limene lalira galimoto laliranso oyilo, matayala, inshuwalansi ndi COF. Ndipo tikumbukire kuti COF imaona mabuleki, nyali, matayala ndi zina zachitetezo pamsewu. Siitsegula injini, choncho pepala lake silinena kanthu za lamba kapena tcheni.

Tikupempha kuti gulu lililonse, lisanagule galimoto kapena ngati lili nayo kale, liike mfundo izi m'malamulo ake pa msonkhano wa mamembala onse.

Poyamba, pakhale thumba la galimoto lapadera, losiyana ndi la ngongole za zipangizo. Komiti iwerengetse zonse zofunika pa chaka, kuphatikizapo gawo la lamba ngati ndi ya lamba, igawe ndi makilomita amene galimoto imayenda pa chaka. Aliyense woigwiritsa ntchito, ngakhale apampando, alipire ndalama imeneyo pa kilomita iliyonse, pamwamba pa petulo.

Kachiwiri, m'galimoto mukhale kope. Mulembedwe tsiku, makilomita ponyamuka ndi pobwera, wotuma ulendo, komanso tsiku ndi makilomita pamene oyilo, fyuluta kapena lamba zasinthidwa, malisiti atamatidwa. Kopelo liziwerengedwa pa msonkhano ngati mmene timawerengera lipoti la msungichuma.

Kachitatu, dalaivala akhale mmodzi wodziwika, wa laisensi, amene m'mawa uliwonse amayang'ana oyilo ndi madzi, ndipo akhale ndi mphamvu yokana ulendo nthawi ya sevesi ikakwana popanda kuopa kuchotsedwa ntchito.

Kachinayi, pogula papite makaniko wosankhidwa ndi gulu, wolipidwa ndi gulu. Afike m'mawa injini isanalizidwe, chifukwa phokoso la tcheni chotalika limamveka bwino injini ili yozizira. Atsegule chotsekera oyilo aone ngati muli phala lakuda kapena thovu looneka ngati tiyi wamkaka. Ayerekeze makilomita a pa dashibodi ndi amene analembedwa pa chikalata cha ku Japan, popeza kumeneko galimoto imayesedwa ikakwana zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo makilomita amalembedwa. Wogulitsa wokana zimenezi wakuuzani kale zonse zofunika kudziwa.

Zimene tikufuna kwa ogulitsa ndi kuboma

Mlimi asamasiyidwe yekha pa nkhondoyi. Lamulo loteteza ogula la Consumer Protection Act la 2003 limapatsa wogula ufulu wouzidwa zoona za katundu amene akugula. Choncho tikufuna kuti wogulitsa aliyense alembe pa pepala la mgwirizano dzina la injini, ngati ndi ya lamba kapena ya tcheni, makilomita enieni, ndi tsiku limene lamba anasinthidwa. Mawu apakamwa amauluka ndi mphepo, koma olembedwa titha kupita nawo ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe limene limalandira madandaulo a ogula. Tikupempha bungweli kuti lizifika m'misika ya Nchalo, Ngabu, Bangula ndi Nsanje kudzafotokozera alimi m'chilankhulo chawo mmene angadandaulire.

Tikupempha a Malawi Bureau of Standards kuti aziyendera mashopu a masipeya ndi ogulitsa oyilo m'misika yomweyi, kuti mlimi amene walipira mtengo wa oyilo weniweni alandiredi weniweni. Tikupemphanso a TEVETA kuti achulukitse maphunziro a umakaniko kwa achinyamata a m'chigwa muno, ndi kuthandiza amakaniko athu a pansi pa mtengo kupeza luso la injini zamakono. Si bwino kuti ntchito yosintha lamba izichititsa gulu kukoka galimoto mpaka ku Limbe. Alangizi a zamakoparetivu nawo, pophunzitsa kasungidwe ka mabuku, aphatikizepo kasamalidwe ka katundu wa gulu, kaya ndi galimoto, chigayo kapena pampu yothirira, pakuti zonsezi zimafa imfa imodzi.

Alimi anzathu, yankho lathu pa funso la tcheni ndi lamba ndi ili: galimoto ya lamba yokhala ndi mbiri yolembedwa iposa ya tcheni imene palibe akudziwa kumene yachokera, ndipo zonse ziwiri zidzafera m'manja mwa gulu lopanda thumba ndi kope. Pa msonkhano wa kalabu wa mwezi uno, wina aimirire afunse mafunso atatu: injini ya galimoto yathu dzina lake ndani, oyilo anasinthidwa liti, ndipo m'thumba la galimoto muli ndalama zingati? Komiti ikalephera kuyankha, galimoto iyambe yaima mpaka mayankho apezeke. Gulu limene likufuna kugula lisatulutse ndi tambala yomwe mpaka mfundo zinayi zija zitavomerezedwa ndi mamembala. Zengerezu adalinda kwawukwawu.